Zikhomo za Atate

Atate asanadwale anapeza puloti ku boma kwa Chadiza, kuti tisamuke ku Zingalume. Anachita monga timachitira kumudzi. Anayeza ndi mapazi kuchokera m'mbali mwa msewu, n'kukhoma zikhomo za mlombwa wauwisi pamakona onse, n'kukumba maziko okha, chifuwa chitawayamba kale. Kukhonsolo sanapiteko. Ankati adzapita akachira.

Chaka chitatha chimwalirireni atate, amama anaumbitsa njerwa. Zinali zosawotcha, ndiye nyumba inafunika kufoleredwa mvula isanagwe, apo ayi zonse zikanasanduka matope. Koma a Yoweli, omanga, amenenso ndi alamu awo a amama, anakana kuyamba popanda chilolezo.

"Mlamu, ine anandigwetserapo khoma nditafika pamawindo," anatero. "Kachiwiri ayi."

Amama anatuma ine, Chiyanjano, kukapereka pulani ya nyumba kukhonsolo, poti ndinali nditangomaliza geledi 12. Kunena zoona, maofesi ndimawaopa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndine mlonda watsopano.

Oyeza malo, a Osward, anabwera panjinga yamoto. Tinapeza zikhomo zija zitaphuka masamba. Amama anagwira tsamba limodzi. A Osward anandipatsa nsonga ya tepi kuti ndiigwire pakati pa msewu, iwo n'kumakoka. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Amama, maziko akutsogolowa alowa m'malo a msewu. Nyumba ibwerere m'mbuyo."

"Msewu suli uko? Atate ake Chiyanjano anayeza okha."

"Anayeza msewu umene ankauona. Wa papulani ya boma ndi waukulu kuposa uwu. Ndikasaina pano, mawa adzakugwetserani."

"Ndiye ndikwirire zimene anakumba akutsokomola?"

A Osward anayang'ana pansi. Amama anatembenukira kwa ine. "Iwe wasukulu, auze."

Ndinkafuna kuwaikira kumbuyo. Koma manambala a patepi ndinali nditawaona ndekha. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri: "Amama, akunena zoona."

Kummawa mitambo inali itada kale. Amama anatenga khasu la a Yoweli n'kuyamba kubwezera dothi m'maziko. Nditafuna kuwalandira, anandikana ndi mutu. Tonse tinangoima mpaka anamaliza mzere wakutsogolo.

"Nanga izi ndizule?" anafunsa, akuloza zikhomo ndi mpini.

"Mtengo sufuna chilolezo," anatero a Osward. "Zisiyeni. Koma tsiku lokulitsa msewu zidzapita, ndisakunamizeni."

Chilolezo chinatuluka, ndipo malata tinakhoma mvula yoyamba itawaza kale pang'ono. Njerwa zina zapansi pa mulu zinasungunuka, koma nyumba inakwanira.

Mitengo iwiri yakutsogolo ija tsopano yandipitirira msinkhu. Amama amaithirira madzi otsukira mbale. Galimoto yaikulu ikamveka pamsewu amasiya chimene akugwira n'kutuluka panja. Ine ndimakhala m'nyumba, ndikumvetsera ngati yadutsa.