Mapazi a Osesa pa Makatoni

Fomu yogulira katundu inafika patebulo la Namafomu Lachinayi masana. A Chidindo, mkulu wa ofesi yogula katundu ku khonsolo, anangoiponya ali chiimire.

"Majombo a anthu osesa m'misewu. Ungokopera za chaka chatha, utenge mitengo m'masitolo atatu, mawa teni koloko ndiipeze patebulo langa."

Dzina loti Chidindo analipata chifukwa chidindo cha ofesi sichinkagona m'dirowa, chinkayenda nawo m'thumba la jekete mpaka kuchimbudzi. Mtsikanayu naye anamutcha Namafomu chifukwa chiyambire ntchito palibe anamuonapo akuyenda chimanjamanja. Anali pa miyezi itatu yomuyesa, ndipo miyeziyo imatha mawa lomwelo. Kalata yonena kuti akhale kapena aone msana wa njira, wolemba wake anali a Chidindo omwewo. Sinali sabata yochita makani ndi munthu.

Namafomu anatsegula fayilo ya chaka chatha: majombo a anthu makumi anayi, onse saizi naini. Chaka chinacho, naini. Anabwerera zaka zisanu ndi chimodzi, naini yekhayekha, ngati khonsolo inalemba ntchito anthu obadwa m'mimba imodzi. Winawake kalekale anayang'ana phazi lake lomwe n'kulemba nambalayo, otsatira onse n'kumangokopera osafunsa. Ulesi wa m'maofesi umavala tayi, n'chifukwa chake suoneka msanga.

Mtima unamuwawa Namafomu, chifukwa mmodzi mwa osesawo anali mayi ake omubereka. Kuyambira ali kusukulu ankawaona m'mawa uliwonse akupinda nsanza n'kumazikankhira kutsogolo kwa jombo kuti phazi lisamasewere. Iye ankayesa kuti majombo amangobwera choncho. Sankadziwa kuti pali munthu wokhala pampando amene amasankha, ndipo tsopano pampandopo panali iyeyo.

Koma panalinso lamulo la kunyumba. Tsiku loyamba ntchito mayi ake anamuuza kuti, "Kuntchitoko sindikudziwa, nawenso usandidziwe. Anthu angati wa tsache walowetsa mwana wake kudzera khomo lakuseri."

Lachisanu sikisi koloko m'mawa, Namafomu anafika kuseri kwa khonsolo, kumene osesa amatengera matsache ndi mawilibala. Akapitawo awo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwasochera, achemwali? Amuofesi safika kuno, amati kumanunkha."

"Ndabwera kudzafunsa masaizi a majombo, bambo."

Kufunsako sikunaphule kanthu. Ambiri sankadziwa saizi yawo, nsapato amagula poyesa basi. Bambo wina wa imvi anati saizi yake ndi imene yabwera. Mayi wina wamfupi anati, "Ine mundilembere naini yomweyo, amavala ndi abambo akunyumba."

"Nanga amasesa ndi abambowo?" anafunsa akapitawo, anthu n'kufa nako kuseka.

Namafomu anaona makatoni akale ataunjikidwa pakona. Anabwereka mpeni, nawadula m'zidutswa, nagwada pasimenti ndi siketi yake yakuofesi. Aliyense ankavula, n'kuponda pakatoni, iye n'kuzunguliza bolopeni m'mbali mwa phazi, n'kulemba dzina pakati. Poyamba anthu ankachita manyazi, ena akupukuta mapazi ndi m'mphepete mwa malaya. Mzere utayamba kuyenda, nthabwala zinayambanso. Bambo wina wamtali anaonetsa jombo lake limene analing'amba ndi lumo kuchidendene kuti phazi lilowe, ndipo nyengo ya mvula madzi a m'ngalande ankalowera pomwepo. Mapazi ambiri anali ndi matuza akale ndi zilonda pakati pa zala.

Mayi ake anaima kumapeto kwenikweni, akuyang'ana kumbali ngati akudikira basi. Nthawi yawo itakwana anavula jombo, nsanza n'kugwera pansi.

"Dzina lanu, mayi?" anafunsa Namafomu, mawu ali aulemu ngati akulankhula ndi mlendo.

Anatchula dzina. Phazilo linali laling'ono, lopepuka, zikhadabo ziwiri zitada chifukwa chomenyeka m'jombo tsiku ndi tsiku. Chibadwire Namafomu anali asanaligwirepo. Pozunguliza bolopeni, mzere unakhota.

"Lemba bwino iwe, anthu akuona," ananong'ona mayi ake.

"Aone chiyani?" anatero mayi wamfupi uja. "Tinadziwa tsiku loyamba ife. Chipumi n'chomwecho, kayendedwe n'komweko. Timangokusungirani ulemu."

Mayi ake anaika dzanja pamutu pa mwana wawo atagwada choncho. "Ndi wanga," anatero mokweza. "Woyamba."

Zotsatira zinali liwiro lokhalokha. Mitengo anayenera kuitenganso mwatsopano, popeza masaizi anali atasintha. Kusitolo yoyamba wogulitsa anaseka mpaka kugwira pamimba, komabe anatsitsa majombo n'kumayerekeza katoni iliyonse ndi kuphazi kwa jombo. Kwachiwiri mwini wake anali atatuluka, anamudikira theka la ola. Kwachitatu makina osindikizira anakana, mpaka wogulitsa analemba mitengo pamanja. Pomwe ankakwera masitepe a ku ofesi n'kuti leveni itadutsa, maondo ali mbuu ndi fumbi. Ankaopa, ndipo mantha ake anali oti Lolemba adzadzuka alibe kopita.

A Chidindo anayang'ana wotchi yawo, osati iyeyo.

"Teni koloko yakwanu ndi imeneyi?"

"Pepani, bwana."

"Ndinati ungokopera. Chovuta chinali chiyani? Ndipo zinyalalazi n'zachiyani patebulo langa?"

"Ndi mapazi a osesa, bwana. Ovala naini alipo asanu ndi mmodzi okha. Enawo timawagulira zosawakwana."

A Chidindo anakoka mpweya ngati akufuna kukalipa, koma dzanja lawo linali litayamba kale kuvundukula makatoniwo, imodziimodzi. Anaima pa ya bambo wamtali uja, naiyerekeza ndi nsapato yawo pansi pa tebulo, napukusa mutu. Kenako ananyamula yaing'ono kuposa zonse, ya mzere wokhota.

"Talemba ntchito ana tsopano?"

Namafomu anati, "Ndi mayi anga, bwana. Saizi folo."

"Asesa zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

Mafomu onse a naini aja anasayina ndi a Chidindo omwewo, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. A Chidindo sanapepese, anthu ngati iwo kupepesa kumawatsamwa. Anawerenga mitengo itatuyo pang'onopang'ono, nachonga wotsika, nasayina, nadinda.

"Ukachedwanso chonchi uziyamba wandiuza," anatero osadzutsa mutu. "Alonda nawo amalandira majombo ndi mayunifolomu. Lolemba m'mawa ukayambe ndi a kumsika. Ndipo ukapemphe tepi yoyezera kosungira katundu, makatoniwa andinunkhitsira ofesi."

"Chabwino, bwana."

Anatola makatoni ake natuluka, mutu uli pa kukalipiridwa kuja. Anali atafika pakati pa masitepe pomwe anazindikira kuti munthu wochotsedwa ntchito Lachisanu satumidwa za Lolemba. Anakhala pansi pomwepo nalira pang'ono ndi chimwemwe, amesenjala akumulambalala ndi mafayilo awo, kenako anapukuta m'maso nadzuka kukafunsa za tepi.