Boaz ndi Mitengo ya Makolo

"Mu Copperbelt yonse ino mulibe mtengo umene sundidziwa," anatero Boaz Nkhoma, akudziguguda pachifuwa pakati pa maminibasi a pa msika wa Chisokone, m'Kitwe. "Ine ndikalowa m'nkhalango, mitengo imandipatsa moni. Ikuluikulu imachita kuwerama."

Anzake oitanira anthu m'maminibasi anaseka mpaka wina anakhala pansi. Onse ankadziwa kuti Boaz anabadwira m'Chamboli, m'nyumba ya mgodi, ndipo mtengo umene ankaudziwa bwino unali wa mango kuseri kwa chimbudzi cha atate ake. Koma iye sankauza iwo. Ankauza mayi wina wa chipewa chachikulu amene anabwera kudzabwereka minibasi. Anali Ba Maud a ku Ndola, mwini kabungwe kotengera ana a sukulu kutchire kuti akaphunzire kusamala chilengedwe kwa eni nthaka. Ankafuna galimoto, ankafunanso munthu wa pakamwa pokoma woti aziperekeza anawo.

Boaz ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse, makamaka ndi mmero wonse. Zaka zokuwa "Chamboli! Wusakile! Mmodzi yekha tinyamuke!" zinali zitamudya mawu. Madzulo ankafika kunyumba akulankhula ngati chule wa chimfine. Tsono apa panali malaya a khaki olembedwa dzina pachifuwa, ndi ntchito yolankhula motsitsa anthu n'kumatchera khutu okha.

"Nanga eni nthakawo, Alamba, mumawadziwa bwino?" anafunsa Ba Maud.

"Ba mayo, mukufunsa mwana wa m'nyumba. Agogo anga aakazi anali Mlamba wa m'kati mwa tchire."

Agogowo anabadwira ku Katete, kum'mawa kutali ndi Alamba, anafera ku Katete, ndipo mtsinje wa Kafue ankangoumva pa wailesi. Koma akufa satsutsa.

Anapangana za Loweruka. Boaz akatenge ana ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ina ya m'Kitwe, adutse Garneton, akafike ku mushitu, nkhalango yonyowa ya m'mbali mwa mtsinje imene siyoyola masamba chaka chonse. Ba Maud atsogola, akakonzeke ndi akuluakulu a Chilamba amene adzaonetsa ana mitengo ya mankhwala ndi mofulira uchi mosapha njuchi. Anamufotokozera pokhota ponse. Boaz ankagwedeza mutu, koma maso ake a m'kati anali pa malaya, akuyeza ngati thumba lake lingakwane magalasi a dzuwa.

"Mukandifikitsira anawo bwinobwino, malaya ndi anu," anatero Ba Maud.

Kunyumba mkazi wake Judith analeka kusita n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Nkhoma, inu nkhalango? Si inu munathawa nalimata m'bafa muli ndi sopo m'maso?"

"Sindinathawe. Ndinamusiyira malo. Kusamala chilengedwe n'kumeneko, mayi."

Loweruka kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone mphuno ya minibasi. Atadutsa Garneton, nyumba zinatha, minda inasungunuka, msewu wafumbi unangolowa mu utsi woyera. Derrick woyendetsa galimoto anatsitsa nyimbo.

"Ba Boaz, tikhote pati?"

Mu nkhungu pokhota ponse mpofanana. Kuimbira Ba Maud kukanakhala kubweza malaya asanawavale. Boaz analoza kumanja, kenaka kumanzere, kenaka kumanjanso ndi dzanja la munthu wodziwa. Ndipo taonani, Mulungu sataya ng'wang'wazi wake, woitanira minibasi: kutsogolo kunatulukira khoma lakuda la mitengo italiitali, mitu yake itabisala m'mwamba.

"Imani. Tafika."

"Nanga galimoto ya Ba Maud ili kuti?" anafunsa Derrick.

"Iwo alowera khomo lina. Nkhalango ili ndi makomo ambiri, mwaiche, mng'ono wanga. Tikumana m'kati."

Ndipo apa sankanama. M'mutu mwake nkhalango inali ngati msika wa Chisokone: ulowere kwa osoka zovala kapena kwa a nsomba, pakati mukumana basi.

Mphunzitsi, Ba Lighton, anayang'ana udzu wonyowa, nayang'ana nsapato zake zoyera zatsopano, n'kunena kuti pafunika munthu wamkulu wolondera chakudya. Anatsitsa mpando n'kuphimba nkhope ndi nyuzipepala. Boaz anatolera mafoni onse, ndi yake yomwe, n'kuwasiya m'galimoto. Mizimu ya kuno, anatero, siikonda kuimbiridwa.

Analowa.

Choyamba chimene Boaz anamva chinali kusowa kwa phokoso. Chibadwire anali asanakhalepo pamalo popanda hutala, popanda wailesi ya woyandikana naye, popanda galu. Pansi panali pofewa, poyalidwa timasamba tofiirira tonga singano, ndipo mapazi ankamira ngati akuyenda pa matiresi a m'sitolo. Nkhungu inkayenda pakati pa mitengo pang'onopang'ono, ngati akazi ovala zoyera akuchokera ku maliro a munthu amene anafa bwino. Madontho ankagwa kuchokera kumwamba kosaoneka, limodzi apa, lina uko. Ana a m'tauni aja, amene m'galimoto ankakangana za mpira, anangoti zii, ena atagwirana malaya.

"Ba ankolo, muno mukununkhira ngati mankhwala okolopera kuchipatala," ananong'ona mtsikana wina wa magalasi, dzina lake Chichi.

"Ndiye mpweya wa makolo umenewo. A chipatala anachita kudzaba kuno."

Ananena motsitsa, ndipo ana onse anasendera pafupi kuti amve. Boaz anadabwa. Mmero sunkawawa. Mawu ankatuluka osalala ngati awadzoza mafuta. Anayesanso, ndipo nkhani zinayamba kubwera zokha.

Mitengo yonse inkafanana, koma zimenezo sizivuta munthu amene amasiyanitsa maminibasi makumimakumi a mtundu umodzi. Uwu, anatero akuusisita, ndi mkazi wa uwo. Anakwatirana azungu asanabwere. Uwo wopendamawo ndi mlamu wawo, amamwa. Uwu khungwa lake limachiza munthu woiwala masamu. Ana anayamba kukanda khungwa n'kumabisa m'matumba. Boaz anatola chipatso chouma cha mamba ngati nsomba, nachikweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Dzira la mtengo. Limaswa kamodzi pa moyo wa munthu, kukakhala mdima wa mwezi."

"Nanga bwanji kulibe mbalame?" anafunsanso Chichi.

"Lero n'Loweruka, mayi. Mbalame za kuno n'za Sabata."

Anayenda, nayenda. Nthawi inasochera. Boaz anayamba kuona agogo ake aja, osati a ku Katete, koma ena amene anawapanga yekha pa Chisokone: aafupi, opanda nsapato, mphika wa uchi pamutu, akudutsa patsogolo mu nkhungu n'kumamukodola. Anayamba kuwakumbuka ndithu, ndi fungo lawo la utsi. Mwina ndinedi wa kuno, anaganiza. Mwina ku chipatala cha mgodi anandisinthanitsa.

Anafika pa mtengo wonenepa kuposa anzake, wopakidwa kachizindikiro kofiira pamimba.

"Vulani zipewa. Awa ndiwo mfumu ya nkhalango yonse. Chofiirachi amawapaka akuluakulu a Chilamba chaka ndi chaka. Palibe nkhwangwa inayandikirapo pano. Wina anayesa, nkhwangwa inasanduka njoka, mpini n'kukhala mchira."

Anawauza kuti agone chagada mozungulira mfumuyo, atseke maso, amvere nkhalango ikupuma. Ana anagona. Naye anagona, mutu pamuzu, manja pamimba.

Pamenepo ndiye zinabwera zonse. Anadziona atavala khaki, akulandira alendo otsika ndege ku Ndola, aphunzitsi a mayunivesite akulemba mawu ake m'timabuku. Anaona Judith akuuza amayi a kutchalitchi kuti bambo ali kutchire ndi azungu, abwera Lachitatu. Chisokone inamveka kutali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu, wina akukuwa "Chamboli! Chamboli!" ndi mawu osasa, ndipo Boaz anamumvera chisoni munthuyo. Kunkhope kunayamba kufunda. Kuseri kwa zikope kunafiira mokoma. Mitengo inawerama, monga ananenera, ndipo inali kumutchula dzina.

"Ba ankolo."

"Mvera kupuma kwa nkhalango, mayi."

"Ba ankolo, bwanji makolo aima pa mzere ngati ife pa asembule?" anafunsa Chichi.

Boaz anatsegula diso limodzi. Nkhungu inali itapita yonse, dzuwa lili phwee. Anayang'ana kumanja: mzere wowongoka mpaka kumene maso amalekeza. Kumanzere: mzere. Kutsogolo, kumbuyo, mopingasa, mizere yokhayokha, mpata wofanana, ngati nyumba za mgodi m'Chamboli. Kumapeto kwa mzere wawo kunaima lole, ndipo amuna a maovolosi ndi zipewa zolimba anali kutsitsa makina odulira mitengo. Pambuyo pawo Ba Lighton ankabwera akudumpha udzu, nsapato zoyera zili bii, dzanja litatambasula foni kutsogolo ngati yotentha. Ngakhale patali chotero, mawu a Ba Maud ankamveka: akuluakulu adikira kuyambira m'mawa, uchi wadzaza nyerere, ana a eni ali kuti, ndipatseni munthuyo.

Kapitawo wa odula mitengo anafika poyamba. Anayang'ana ana ogona pansi, nayang'ana Boaz, nayang'ana kachizindikiro kofiira.

"Ba bosi, dzutsani ana anu achoke m'munda wa kampani. Paini ameneyu wakhwima, akufunika kocheka matabwa lero lomwe."

Anaponda makina ndi phazi, n'kukoka chingwe.