Zilembo za Pakhomo la Mlamu

Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, ndi telala. Atapeza malo mumsewu wa mabasi, anabwera kwanga atanyamula kathabwa, nkhope ili yakugwa. Shopu yake inali yopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya misomali, ndipo mwini nyumba anati chikwangwani chisapose m'lifupi mwa chitseko, ngakhale ndi chala.

"Mlamu, ndikufuna mawu onsewa," anatero akundipatsa kapepala: TIMASOKA MASUTI NDI MADIRESI.

"Pa kathabwa kameneka? Bwanji osangoti TELALA?"

"Matelala tilipo asanu mumsewu uja. Wa masuti ndine ndekha."

Anali atapita kale kwa osindikiza pakompyuta. Iwo anangofinya zilembo mpaka zinaonda ngati udzu wa tsache. Ukaima kutsidya kwa msewu umangoona timizere.

Ine ndalemba zikwangwani zaka khumi ndi zitatu, ndiye sindinatekeseke. Chilembo sitifinya, timachimanga chatsopano. Thabwalo linali lopapatiza koma msinkhu linali nawo, choncho ndinagawa mawuwo m'mizere itatu, zilembo n'kuzitalikitsa. Ndinazidula pa makatoni: miyendo yonenepa zala ziwiri, yopanda timichira ta zokongoletsa. O ndinamuphwatalitsa m'mbali mpaka anakhala ngati sopo woimika, koma kampata ka m'mimba mwake ndinakasiya, chifukwa kakachepa chilembo chimasanduka chibuma. S yekha anandidyera makatoni anayi.

Ndisanakhudze penti, ndinamata makatoniwo pakhomo la shopu n'kuwolotsa apongozi anga msewu. Maso awo ndi otopa koma magalasi amawakana. Iwo akawerenga, aliyense awerenga.

"Bambo, tatiwerengereni."

Anatsinzina diso limodzi. "TINASOKA MASUTI. Iii, mwana wanga, mwasiya liti? Si dzulo lomweli mwatsegula?"

Mlamu anagwira kumutu. Wa mankhwala anaseka mpaka kutsamira chitseko chake.

Apongozi sanalakwe. M ndinamupanikiza kwambiri, mphanda yake yapakati n'kugundana ndi miyendo. Pomwepo ndinagwada pakhonde ndi mpeni wanga. Ndinabera T ndi A kamalo pang'onopang'ono n'kumupatsa M, mphandayo n'kuiwondetsa kuti kuwala kudutse mbali zonse.

"Nanga pano, bambo?"

"TIMASOKA. Eya, tsopano ali pantchito."

Ndinalemba zakuda pa chikasu, tinapachika Loweruka m'mawa. Lolemba mayi wina anatsika basi asanafike kwawo, akufuna suti ya mwana wawo amene ankayamba ntchito. Anati anawerenga ali pawindo, basi ikuthamanga.

Sabata isanathe, wa mankhwala anandipeza ndikutsuka maburashi. M'manja anali ndi pepala lodzaza mbali zonse ziwiri.

"Mayi, mawu anga ndi aatali kuposa a telala. Zitheka?"

Ndinawerenga pepalalo, n'kufufuta mawu asanu ndi pensulo.

"Otsalawa alowa. Tiyeni tikayeze khomo."