Bala la Bambo ndi Tsitsi la Amayi Busa

M'mawa wa Loweruka, amayi anauza ana awo awiri kuti bala la pamwendo pa bambo layambanso kununkha, ndipo lifunika kukatsukidwa kuchipatala asanatseke masana. Woyamba kuyankha anali mwana wamkazi, woluka tsitsi.

"Ndiwaperekeza ine, amayi. Ndingokatsegula saluni, ndibweranso pompano."

Mlongo wake, kondakitala wa minibasi, ankamanga nsapato pakhomo. "Ine musandiwerengere, dalaivala wanga sadikira munthu. Apite a kwaya omwewa, poti Mulungu amawamva msanga."

"Inu achimwene, tchalitchi mumangochidziwa ngati siteji yotsitsira anthu," anatero mtsikanayo, natuluka monyadira.

Kusaluni anapeza Amayi Busa atakhala kale pabenchi, meshi ili m'thumba. Ankafuna maluko ang'onoang'ono oti akaoneke nawo bwino mawa lake. Munthu angawakane bwanji Amayi Busa? Anawakhazika pampando, nayamba kugawa tsitsi ndi chipeso, mumtima akuti achita changu. Koma maluko ang'onoang'ono sadziwa changu. Foni inalira m'dirowa, iye anayang'ana mafuta amene anali m'manja mwake, naisiya.

Amayi Busa anali ndi Baibulo pamiyendo, akukonzekera phunziro la amayi. "Tamvera za m'buku la Mateyu izi, mwanawe. Munthu wina anatuma ana ake awiri kumunda. Woyamba anakana, koma pambuyo pake anasintha mtima napita. Wachiwiri anavomera mwaulemu ndithu, koma kumundako sanapondeko. Ndani anamvera bambo wake?"

"Woyamba," anayankha msanga, ngati mwana wa Sande sukulu. Mawuwo atangotuluka, anadziona pagalasi, pamwamba pake wotchi ikusonyeza kuti masana adutsa kale. Anasiya kuluka.

"Bwanji, walakwitsa mzere?"

"Ayi, amayi. Ndikhululukireni. Bambo anga akundidikira kuyambira m'mawa."

"Iwe! Ndiye n'kumandimvetsera ndikulalikira? Ndifunde mpango, thamanga."

Anasiya mutu uli theka, nathamanga msewu wonse osapereka moni kwa aliyense. Ankakonza mawu opepesera, koma onse ankamveka ngati bodza.

Anapeza bambo atakhala pakhonde, mwendo uli pampando, bandeji yatsopano ili mbee. Pambali pawo mlongo wake ankamwa madzi, malaya atanyowa ndi thukuta kumsana.

"Mlongo wakoyu anafika pasiteji n'kubwerera," anatero amayi osamuyang'ana. "Wawabereka kuchokera kumsewu mpaka pano. Namwino akuti tikanadikira Lolemba, bwenzi tikunena zodula mwendo."

"Nanga ntchito, achimwene?"

"Pachitseko pakwera wina. Mwina mundilemba ganyu yoluka tsitsi, chemwali."

Palibe anaseka. Mtsikanayo anagwada patsogolo pa bambo ake, akuyembekeza kukalipiridwa, akulakalaka kukalipiridwako. Koma iwo anangomugwira paphewa. "Wabwera, mwanangu? Watopa, khala pansi."

Kukhala kunamukanika. Anatola buluku la bambo lomwe linali m'beseni, lothimbirira ndi mafinya, napita nalo kumpopi. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankatsuka mbale pomwepo, anamufunsa mokoma mtima.

"Mwayendako bwanji kuchipatala, mwana womvera iwe?"

Iye anapitiriza kutikita sopo, maso ali pansi.

"Kafunseni achimwene. Ine kunalibe."