Zipsera za pa Limba la Apongozi

Limba linalowa m'nyumba cham'mbali, chifukwa khomo la pabalaza linali lopapatiza. Sandipepa anali kumbuyo, akukalipira amuna awiri amene anam'thandiza kulitsitsa pangolo.

"Pang'onopang'ono! Mukaligunditsa pafelemupo, ndikusendani khungu ine."

Dzina loti Sandipepa anam'patsa ndi akalipentala anzake, chifukwa munthuyu sankatha kuona thabwa lokhakhala n'kulisiya. Ngakhale kunsi kwa tebulo, kumene palibe amene amasuzumirako, iye ankapala mpaka kusalale ngati tsaya la khanda. Ndiye limba lamagetsi la apongozi ake aamuna analigwira ndi mtima wonse. Linafika kushopu kwake chiswe chitadya miyendo ndi mbali zonse ziwiri, moti ukaligogoda linkangothothoka fumbi. Anachotsa makina ndi mawaya mosamala, nasema miyendo yatsopano, nalumikiza matabwa popanda msomali woonekera. Tsopano linkanyezimira pakona paja moti munthu akanatha kupeserapo tsitsi.

Amuna aja atapita, mkazi wake anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Anazungulira limbalo akumwetulira, kenako anayendetsa chala pa thabwa lalitali lakutsogolo, limene lili m'munsi mwa mabatani osinthira mawu. Kumwetulira kunathera pomwepo.

"Abambo ake, zipsera zinali apa zapita kuti?"

"Zokandikakandika zija? Ndinazipala. Pankaoneka ngati ana amanolerapo mpeni."

"Zonse?"

"Zonse. Mozama ndinamatamo utuchi ndi guluu, vanishi pamwamba. Simungapeze ngakhale chimodzi."

Mkaziyo anakhala pampando. Anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kumene bambo ake omubereka ankavala, n'kutsitsa mawu.

"Mwatipha. Sizinali zokandika zimene zija. Anadula okha ndi mpeni. Bambo anga saona."

"Saona bwanji? Dzulo lomweli anandinena kuti malaya anga ndi akuda."

"Anamva fungo la thukuta. Amangoona mbuu ngati utsi, ndipo papita nthawi. Nyimbo zonse zili m'mutu, buku amangolitsegula kuti anthu asadziwe. Koma mabataniwa ndi ambiri, komanso ndi ofanana. Zipsera zija ndiye anali maso awo. Mzere umodzi, mawu ofewa. Mizere iwiri, mawu aakulu. Pamene panali mtanda, batani loti asalikhudze n'komwe."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Anandilumbiritsa. Inuyo bwanji simunafunse? Safunsa anadya phula."

Sandipepa anakumbukira kuti tsikulo silinali tsiku wamba. Limbali linali litakhala zaka zambiri kutchalitchi, apongozi ake akuliimba Lamlungu lililonse. Litadyedwa ndi chiswe, komiti ya kwaya inati lingotayidwa, popeza panali mnyamata wina wa kiyibodi yonyamula m'khwapa amene ankadikira mpata. Mkuluyo anachonderera kuti likonzedwe kaye, ndipo amayi apampando a kwaya analonjeza kubwera masana omwewo kudzamva ndi makutu awo. Likalira bwino, limba ndi mwini wake abwerera pamalo pawo. Likakanika, onse awiri akapume.

Sandipepa anagwada, napendeketsa mutu kuti kuwala kwa pawindo kumuonetse pamene panali zipsera. Anayang'ana uku, nayang'ana uku. Thabwa linangomubwezera nkhope yake yomwe. Tsiku limenelo luso lake linam'nyansa.

"Mukukumbukira pamene panali mzere uliwonse?"

"Ine ndimaimba limba?"

"Ndiye tiwauze. Andilozere, ndidule pompano. Tchizulo chili m'chikwamamu."

"Akadziwa kuti ndakuuzani, ine ndi iwo chibale chatha. Bambo anga simuwadziwa inu."

Chitseko chinatseguka. Mkuluyo anatuluka atavala malaya oyera ndi tayi, akuyenda mowongoka, poti nyumba yake ankaidziwa ngati chikhatho chake.

"Ndamva fungo la vanishi. Mkamwini, lafika?"

"Lafika, bambo."

Anakhala pa benchi ya limba, nasisita mbali zatsopano zija, nagogoda mwendo ndi nsapato.

"Lalimba. Ili ndiye lidzandiika m'manda."

Kenako zala zake zinapita pa thabwa lakutsogolo. Zinayenda kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Zinabwerera, mwapang'onopang'ono tsopano. Zinaima pakati. 

"Mwasalaza kwambiri," anatero mkuluyo.

"Ee, bambo."

"Ntchito yabwino."

Mawuwo anam'pweteka Sandipepa kuposa mbama. Anatsegula pakamwa kuti aulule zonse, zivute zitani, koma panja panamveka mawu.

"Odi kuno!"

Amayi apampando analowa ndi chikwama chawo chachikulu, magalasi ali pamphuno. Anali munthu wosataya nthawi ndi malonje aatali.

"Ndafulumira, aphunzitsi, ndili ndi odwala oti ndikawazonde." Ankawatchula choncho chifukwa mkuluyo ndi amene anawaphunzitsa kuimba ali mtsikana. Anayang'ana limba n'kugwedeza mutu. "Koma ndiye lawala! Tingoti chisakhale chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Palibe amene anaseka. Sandipepa analumikiza waya kukhoma, limba linang'ung'udza chapansipansi, kanyali kofiira kanayaka.

"Tiyeni nyimbo ya pa Mgonero ija," anatero amayi apampando, akukhala pansi. "Yodekha. Limba lodwala limagwidwa pa nyimbo yodekha."

Mkuluyo anatsegula buku n'kuliimika patsogolo pake. Chala chake chinayamba kuwerenga mabatani kuchokera kumapeto, milomo ikugwedezeka pang'ono. Anadina limodzi. Mawu anatuluka ofewa, oyera, ndipo mkazi wa Sandipepa anapumira m'mwamba. Ndime yoyamba inatha bwinobwino. Koma pofika pa kolasi pankafunika kusintha mawu msanga, popanda nthawi yowerenga. Dzanja linalumpha mmene linazolowerera, kukafuna mizere iwiri pamalo pamene panalibe kanthu.

Ng'oma za dansi zinaphulika m'nyumba monse. Mkuluyo anadzidzimuka, nadina batani lina kuti azizimitse, koma limba linangokuwa ngati hutala ya basi, ng'oma zikugundabe. Dzanja lake linkapapasa uku ndi uku pa thabwa losalala lija. Sandipepa analumpha n'kuzula waya kukhoma.

"Mlandu ndi wanga, amayi," anatero mwachangu, thukuta lili kamukamu. "Ndasokoneza mawaya pobwezera makina. Mutipatseko masiku, ndikonze."

Munthu amene sankavomera kuti mpando wake ungagwedere, tsopano ankadzinamizira ntchito yoipa pamaso pa mlendo.

"Masiku ndinapereka kale," anayankha amayi apampando. "Zinthu zakale ndi choncho, ukakonza apa chaphulika apo. Zimenezi zikanachitika pa Mgonero, nkhope yanga ndikanaibisa kuti?" Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa, mawu awo akufewa. "Aphunzitsi, musadandaule. Inuyo palibe amene akukunenani, zala zanu tikuzidziwa. Chatha ndi limbali. Ndikauza komiti kuti mnyamata uja ayambe Lamlungu."

Bodza la mkamwini linali litawatsegulira apongoziwo njira yabwino. Akanangokhala chete, akanapuma ndi ulemu wawo wonse, anthu n'kumati limba ndi limene linawagwiritsa mwala. Mwana wawo ankawayang'ana, akupemphera mumtima kuti asalankhule. Amayi apampando anali atafika kale pakhomo.

"Takhalani pansi, amayi," anatero mkuluyo.

Amayiwo anatembenuka.

"Mkamwini, musadziphe ndi mlandu wa eni. Mawaya ali bwinobwino. Limba ili silinalakwe kanthu." Mkuluyo anatembenukira amayi apampando. "Chatha ndi maso anga. Inu mwaima apo, ine ndikungoona chithunzithunzi. Ndinali ndi zizindikiro zanga pathabwali, mkamwini wazipala posadziwa, chifukwa ine ndinabisa."

Mwana wawo anayamba kusisima, atagwira pakamwa.

"Usalire, iwe. Ndinakusenzetsa katundu woposa msinkhu wako." Anatambasula dzanja. "Mkamwini, chitsulo chanu chili pafupi?"

Sandipepa anatulutsa tchizulo m'chikwama n'kugwada pambali pawo. Mkuluyo anam'gwira dzanja, nawerenga mabatani ndi dzanja linalo, tsopano mokweza, osabisanso. Anaika nsonga ya tchizulo pa vanishi.

"Apa. Mzere umodzi."

Sandipepa anagwiritsitsa tchizulo. Anakanikiza, vanishi anasweka, thabwa loyera linaonekera. Mtima unamuwawa ngati wadzicheka yekha, komabe anapitiriza.

"Apa iwiri. Apa mtanda, waukulu ndithu, mdani wanga ameneyu."

Amayi apampando anali atakhalanso pansi, chikwama chili pamiyendo. Sandipepa anauzira tizibenthu n'kulumikizanso waya. Mkuluyo anapapasa mabala atsopano aja kamodzi, nayambanso nyimbo ija kuchokera pachiyambi. Pofika pa kolasi dzanja linalumpha, ndipo mawu aakulu anadzaza nyumba mpaka magalasi a pawindo ananthunthumira. Amayi apampando anayamba kung'ung'udza nawo osadziwa. Nyimbo itatha, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Limbali libwerere kutchalitchi mawa," anatero. "Muziimba ndi inu, aphunzitsi. Koma sindikanamiza komiti, ndikanena zimene ndaona. Ndipo mnyamata uja azikhala pambali panu Lamlungu lililonse, muzimuphunzitsa."

Onse anamva tanthauzo lake. Munthu akakupatsa wokhala pambali pako, ndiye kuti benchi yayamba kukhala ya awiri, ndipo tsiku lina idzakhala ya mmodzi. 

"Abwere," anatero mkuluyo. "Koma azisamba m'manja."

Mlendo atatuluka, mkazi wa Sandipepa anam'perekeza mpaka kumsewu. Pabalaza panatsala amuna awiriwo. Sandipepa anali chigwadire, akusowa poyambira kupepesa.

"Bambo, ine..."

"Kwatsala mabatani a mbali iyi," mkuluyo anam'dula mawu, akufunafuna dzanja lake mpaka analipeza. "Ndipo muzidula mozama, mkamwini. Zala nazonso zayamba kukalamba."