Mkonono wa Apongozi

Lazaro anafika ku Kasisi dzuwa lili paliwombo, njinga yake yamoto itayera ndi fumbi. Unali mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Otilia anamumva akadali kumsewu, nathamangira m'nyumba kukasintha chitenje kachitatu.

Nkhani inali imodzi. Lazaro, dokotala wa pachipatala cha paboma, anali atasankhidwa kupita ku Joni kukachita maphunziro a ukadaulo wa matenda a tulo, zaka ziwiri zathunthu. Kunatsala masabata atatu kuti anyamuke. Otilia ankafuna chinkhoswe chichitike asanapite. Kudikira akanadikira, koma osati anthu akumutchula kuti "kamtsikana ka adokotala kaja". Amalume ake, a Fanizo, anali atanena kale kuti iwo ayendera mawu a mlongo wawo. Ndipo mlongo wawoyo, mayi ake a Otilia, anali atakana kawiri.

Anakhala monga mwa mwambo. Lazaro pampando pansi pa mtengo wa nimu, atafulatira nyumba. Mayi pamphasa pakhonde, akusenda nandolo. Otilia pakati, wonyamula mawu, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, ngakhale ukwati usanamangidwe.

"Uwafunse alendowo," anatero mayi. "Tulo amakaphunzira kusukulu? Mbuzi za ku Chapananga zinalemba mayeso ati kuti zidziwe kugona?"

"Akuti..." anayamba Otilia.

"Ndamva," anatero Lazaro, akuyankhula ndi tsinde la nimu. "Uwauze amayi kuti pali matenda amene amabwera munthu akagona basi. Akadzuka sapezeka."

"Ndiye akachiza chiyani, poti wodwalayo akamafika kuchipatala amakhala atadzuka? Nkhabe. Munthu wosiya ntchito yooneka n'kukathamangitsa tulo, mwana wanga ayi. Akabwerako tidzaona ngati..."

Mawuwo sanafike kumapeto. Mutu unagwa pachifuwa, thupi linatsamira khoma, ndipo posakhalitsa mkonono unayamba. Sizinali zachilendo. Mayi ankagona paliponse: kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Ana a m'mudzimo ankawatcha thirakitala ya kuesiteti.

Otilia anafuna nthaka imumeze. Sabata yonse ankalota tsikuli: mayi akumwetulira, iye akutsitsa maso mwamanyazi, kenako makalata ochokera ku Joni onunkhira perefyumu. M'malo mwake, thirakitala.

"Ndiwadzutse," anatero.

"Usawadzutse." Lazaro anali atakweza dzanja, maso ali pawotchi. Mkonono unakwera, unakwera, kenako zii. Pabwalo panangotsala kulira kwa nyenje.

"Ine sindingacheuke," anatero motsitsa mawu. "Yang'ana ndiwe. Chifuwa chikutani?"

Otilia anasendera. "Chikukoka. Ngati akufuna kupuma."

"Ika dzanja pafupi ndi mphuno. Mpweya ukutuluka?"

"Ayi."

Lazaro anawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Atafika pa masekondi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, mayi anabanika, nagwedezeka thupi lonse ngati munthu wovuuka m'madzi, ndipo thirakitala inaliranso.

Anakhala choncho theka la ola, wina maso, wina makutu. Otilia poyamba ankangoganiza za chinkhoswe chake. Pamene mkonono unkadukiza kachisanu ndi chiwiri anali ataiwala. Anali atamva mkonono umenewu kuyambira ali wakhanda, koma malo opanda phokosowo anali asanawamvetserepo. Lazaro ankalemba timizere pafumbi ndi kamtengo. Tinakwana khumi ndi tisanu ndi tinayi.

Mayi anadzidzimuka nandolo atamwazika pamphasa. "Ndimati chiyani?"

"Uwafunse amayi," anatero Lazaro, "ngati m'mawa amadzuka mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwa."

"Kutentha kumeneku ndani sadzuka choncho?"

"Uwafunsenso ngati nthawi zina amadzidzimuka ngati munthu wawakhalira pachifuwa n'kuwakanyanga pakhosi."

Otilia sanabwereze funsolo. Anaona dzanja la mayi ake litaima m'lichero.

"Wawauza ndani?"

"Ine sindikuzidziwa n'komwe zimenezo, amayi," anatero Otilia.

Mayi anayang'ana kutsidya kwa mpanda, kunyumba ya mlamu wawo a Anna, amene mayiwo anali asanawapatse moni kwa zaka zinayi. Pamudzi onse ankati chinawayambanitsa ndi malire a dimba.

"Si munthu," anatero Lazaro, osadikiranso wonyamula mawu. "Palibe amene amabwera. Akagona, njira ya mpweya kukhosi imalobodoka n'kutsekeka, thupi limadzidzutsa lokha kuti lisafe. Lero zachitika kakhumi ndi kasanu ndi kanayi. Timizere tili apa. N'chifukwa chake masana tulo sitiwachoka, ndipo mtima umatopa nazo. Lolemba abwere tikaone kuthamanga kwa magazi. Pakadali pano asagone chagada. Otilia asokerere chitsononkho kumsana kwa bulawuzi yogonera, akafuna kutembenuka chiziwabaya."

"Chitsononkho," anatero mayi. "Zaka zonse zija kusukulu, mankhwala ake chitsononkho."

"Pali makina othandiza kupuma. Kuwayeza odwala bwinobwino ndi kuwakonzera makinawo, ndi zimene ndikukaphunzirazo. Kuno kuchigwa sindinapeze wondiphunzitsa."

Mayi anatola nandolo mmodzimmodzi. Anatenga nthawi, ndipo Otilia anaiona nthawiyo ngati chaka. Kenako anadzuka, nakokera chitenje kumutu, nayenda mozungulira kutali ndi mpando, kukaima pamene akanatha kuona pafumbi. Anawerenga timizere ndi chala chakuphazi.

"Otilia."

"Wawa."

"Mawa upite kwa amalume ako. Uwauze abwere Lachinayi, ayankhule ndi akuchimuna za tsiku. Lisapitirire Loweruka la sabata yamawa, anthu ena ndege ingawasiye."

Otilia anatsegula pakamwa, koma mayi anali asanamalize.

"Uwauzenso alendowo kuti kumvetsera mkonono wa apongozi ndi mwano. Lero ndakhululuka." Anabwerera pakhonde, nathira nandolo m'kambale mpaka kusefukira. "Ndipo popita kwa amalume akowo udzere kwa a Anna. Uwasiyire uyu. Usanene kanthu, ungowasiyira."

Lazaro anawomba m'manja mwaulemu, akadayang'anabe tsinde la nimu. Otilia anapita kuseri kwa nkhokwe kukasaka chitsononkho. Anasankha chachikulu.