Zoboolera za M'matope a ku Makhanga

Emmie anamva fungo loswa mphuno asanafike pakhomo. Anatula ndowa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Anapeza mwamuna wake, Lorenso, akukhuthulira asidi wa batire lakale m'chitini, manja ali pamtunda.

"Bambo a Praise, mukuchita chiyani?"

"Ndikufuna kusungunula golide. Usandisokoneze."

Chiphwereni madzi osefukira ku Makhanga, Lorenso sankakhazikika. Pofukula makasu awo m'matope, anatola kabokosi ka tizitsulo topotana, tachikasu, tonyezimira. Ankakabisa, kukatulutsa, kukabisanso pena, osauza munthu aliyense.

Chitini chinapendekeka, asidi n'kumugwera pachala. Lorenso anakuwa. Emmie anamukhuthulira madzi onse a m'ndowa, kenako anathamangira kwa Josephine, mwana wa aneba amene amakonza makina kufakitale ya shuga ku Chikwawa. Sabata imeneyo anali atabwera kudzaona makolo.

"Musasiye kuthira madzi," anatero Josephine atafika. Kenako anatola kachitsulo kamodzi. "Achimwene, izitu ndi zoboolera, zija timamanga ku dirilo, makina oboolera matabwa ndi zitsulo. Kuntchito timazigwira tsiku lililonse."

"Nanga kuwalaku?" anafunsa Lorenso.

"Ndi zopaka pamwamba chabe, zopyapyala kuposa tsitsi. Dzina lake ndi titaniyamu naitiraidi. Pamwambapo pali tinthu tamagetsi tosaoneka ndi maso, totchedwa ma elekitironi. Timabweza kuwala mwachikasu, monga amachitira golide. Amapaka kuti choboolera chisabunthe msanga."

Lorenso anapukusa mutu. "Mukufuna ndikupatseni inuyo eti?"

Emmie anachita manyazi, koma Josephine sanakwiye. Anapempha botolo.

"Golide ndi wofewa, sangakande galasi. Alamu, yesani nokha."

Emmie anakanikiza nsonga ya choboolera pabotolo n'kukoka. Mzere woyera unatsala pagalasi. Lorenso anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye chala changa chapsera pachabe?"

Josephine anati, "Mwayi wanu ndi woti wakugwerani pachala. Akanakugwerani m'maso bwanji? Pitani kuchipatala pompano. Asidiyu musamutaye pansi, chitsime chili pafupi. Ndimutsekera bwino, ndikamusiya kwa okonza mabatire."

Kuchipatala anamutsuka n'kumumanga, ndipo chala chinayamba kupola. Lamulungu Emmie analengeza kutchalitchi za kabokosiko. Madzulo ake kunabwera Geresomo, kalipentala amene madzi anamukokolera zida zonse. Atatsegula kabokosiko, anazindikira kuti zoboolerazo zinali zake.

"Takhuta, takhuta kwambiri," anatero pothokoza m'chiyankhulo chakwawo. "Mawa lomwe ndiyambiranso ntchito."

Lorenso anamuperekeza mpaka kumsewu. Aliyense amene anakumana naye n'kufunsa za bandeji, ankamuuza mosabisa: "Mukatola chitsulo chosachidziwa, musachithire asidi kapena kuchiotcha. Funsani kaye odziwa, ndipo mufunefune mwini wake."